Maso akafooka, owedza bass asinthe nyambo, asapachike ndodo

A Mkonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anzathu owedza nsomba ya bass ndi ndodo, makamaka amene maso ayamba kuwavuta chifukwa cha ng'ala, shuga, glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso) kapena ukalamba, komanso abale athu achialubino amene kunyezimira kwa madzi kumawathobwa m'maso. Ambiri amapachika ndodo kudenga tsiku limene alephera kulowetsa chingwe pa kabowo ka mbedza. Zimenezi zimatipweteka, chifukwa nthawi zambiri cholakwa chimakhala m'bokosi la nyambo. Pali nyambo zimene zimauza mwini wake kudzera m'maso kuti nsomba yadya, ndipo pali zina zimene zimamuuza kudzera m'dzanja ndi m'khutu. Wa maso ofooka akasiya zoyambazo n'kugwiritsa zachiwirizo, apitiriza kuvuula nsomba ngati kale.

Bass kwawo ndi ku North America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo lero ili m'madamu ambiri a chigawo chino: Albert Falls ndi Inanda ku KwaZulu-Natal, Mutirikwi ndi Darwendale ku Zimbabwe, Chicamba ku Mozambique, ndi madamu ena a m'maesiteti kuno kwathu. Amene kwanu kulibe bass musataye kalatayi, poti sungwa nayo imadya nyambo zomwezi, kungoti zikhale zocheperako.

Tiyambe ndi zoyenera kutulutsa m'bokosi. Choyamba ndi nyongolotsi yapulasitiki yoponyedwa yopanda mtovu, monga Senko yokoledwa pakati. Nyambo imeneyi imagwira nsomba pamene ikumira pang'onopang'ono chingwe chili lende. Bass simaluma ngati galu, imatsegula kukamwa n'kuyamwa nyambo pamodzi ndi madzi, ndiye chingwe chikakhala chosakungika, m'dzanja simufika kanthu. Chizindikiro chokha ndi chingwe kudumpha pang'ono pamwamba pa madzi kapena kuyamba kuyenda cham'mbali. Wosaona zimenezo amadzazindikira nsomba italavula kale, kapena itameza mbedza mpaka m'mimba, yomwe ndi imfa kwa nsomba imene amafuna kuibwezera m'madzi. Vuto lomweli lili ndi jerkbait (kansomba kopanga kokokedwa modukizadukiza), imene imadyedwa mutaiimitsa, ndi jig (mbedza ya mutu wa mtovu) yoponyedwa pa kampata ka pakati pa nthambi, imene imafuna kuti muone pamene igwere. Chule wapulasitiki woyendetsa pamwamba pa akakombo nayenso apume kaye.

Nyambo yoyamba kugula ndi spinnerbait, ndipo pano tikhalitsepo. Ndi waya wopindika, kumunsi kuli mutu wa mtovu ndi mbedza imodzi yoyang'ana kumwamba, kumtunda kuli kachitsulo kozungulira m'madzi. Tizitsuloti tili mitundu iwiri yodziwika. Ka willow ndi kakatali ngati tsamba la bulugamu, kamanyezimira kwambiri koma kamagunda pang'ono. Ka Colorado ndi kobulungira ngati supuni yothyoka chogwirira, kamazungulira mwaulesi n'kumagunda madzi moti mumakamva m'chikhatho, du, du, du. Kofunika kwa inu ndi ka Colorado, kamodzi kokha, ka nambala 4 kapena 5, pa nyambo yolemera magalamu 10 kapena 14. Papaketi amalemba 3/8 oz kapena 1/2 oz. Tizitsulo tiwiri timasokonezana kugunda, ndiye dzanja limavutika kumva kusintha.

Kugundako ndi kumene kwalowa m'malo mwa maso anu. Kukamamveka mofanana, nyambo ikuyenda bwino. Kukazirala pang'onopang'ono ndodo n'kulemera, ndiye kuti udzu kapena ndere zakola kachitsulo. Gwedezani ndodo kamodzi mwamphamvu, nthawi zambiri zimachoka. Kukangoti zii mwadzidzidzi chingwe n'kupepuka, imeneyo ndi nsomba imene yadya kuchokera kumbuyo ikuthamangira kwa inu. Apa ambiri amaganiza kuti chingwe chaduka n'kusiya kukulunga. Kulungani msanga mpaka mumve kulemera, kenako kokerani ndodo cham'mbali. Ubwino wina wa spinnerbait ndi wakuti waya wakutsogolo umatchinga mbedza, ndiye ikagunda chitsa imangogudubuka n'kudutsa. Munthu amene sakuona bwino pamene waponya amafunika nyambo yokhululuka chotere.

Yachiwiri ndi bladed jig, imene ambiri amaitchula ndi dzina la ChatterBait. Kachitsulo kake kali kutsogolo kwa mutu ndipo kamanjenjemera mwamsanga kuposa spinnerbait, moti ngakhale wa shuga amene zala zayamba kuchita dzanzi amakamva. Ya magalamu 10 ikwanira. Koma mbedza yake ilibe chotchinga, ndiye m'udzu imachita bwino pamene m'mitengo yomira imakodwa kawirikawiri. Mukaponya ndipo kachitsulo sikanayambe kunjenjemera, kokani ndodo kamodzi, kamadzuka.

Crankbait (kansomba kopanga kamene kamavina mukamakulunga chingwe) ya mlomo wa makona anayi, yomwe amati squarebill, imamvekanso bwino ndipo simira kupitirira mita imodzi ndi theka. Ikagunda mwala, imani kamphindi, imayandama n'kuchoka yokha. Choopsa chake ndi mbedza za mano atatu, ziwiri pa nyambo imodzi. Nsomba ikamaphiriphitha m'manja mwa munthu wosaona pamene pali mano asanu ndi limodziwo, chala chimapita. Chotsani mbedzazo muikepo za dzino limodzi zotchedwa inline. Kawirikawiri m'malo mwa ya mano atatu ya nambala 6 mumalowa inline ya nambala 1, ndipo m'malo mwa ya nambala 4 mumalowa 1/0. Yakumimba iyang'ane pansi, yakumchira iyang'ane kumwamba. Ntchito ya timphete tokolerapo mbedza ndi yovuta ngakhale kwa wa maso abwino, ndiye mupemphe mwana kapena mnzanu akuchitireni kunyumba. Mukatero yesani nyamboyo pafupi ndi gombe: ikamagona chammbali kapena kuzungulira, mbedza zatsopanozo zapepuka kwambiri, ikani zokulirapo. Pa mbedza zanu zonse, finyani ndi pulayazi kamnga kobwerera m'mbuyo kaja. Nsomba zina zidzapulumuka, inde, koma mbedza ikalowa m'chala imatuluka momwe inalowera, osafuna lumo la kuchipatala.

M'miyezi yozizira ya June ndi July bass imatsikira pansi ndipo sithamangitsa nyambo. Apa mpamene nyongolotsi yapulasitiki imabwerera, koma ndi mtovu wolemera, m'kamangidwe kotchedwa Carolina. Pa chingwe chachikulu lowetsani mtovu wabowo wa magalamu 21, kenako mkanda wagalasi umodzi, kenako mangani swivel, kachitsulo kozungulira kolumikizira zingwe ziwiri. Kuchokera pa swivel pakhale chingwe cha nayiloni chotalika masentimita 45 mpaka 60, ndipo kumapeto kwake mbedza ndi nyongolotsi ya masentimita 12 kapena 15. Mtovu wolemerawo umakunga chingwe nthawi zonse, choncho chilichonse cha pansi chimafika m'dzanja. Simugwedeza ndodo. Mumakoka cham'mbali pang'onopang'ono pafupifupi theka la mita, n'kukulunga chingwe chotsala, n'kukokanso. Miyala imamveka gogodo, gogodo. Mchenga umamveka ngati mukukoka msomali pa simenti. Matope amangolemera mopanda phokoso. Mtengo umakoka mofewa ngati mphira, kenako n'kumasula. Nsomba ndi yokhayo imene imakoka inu mutaima, mwina kujompha kawiri, mwina kungolemera n'kuyamba kuyenda. Mtovu wa tungsten ndi wodula koma ndi wolimba kuposa wamba, ndipo umamveketsa pansi bwino kwambiri; wokwanitsa agule umodzi kapena iwiri.

Pa Carolina timalimbikitsa mbedza ya circle ya nambala 2/0 pamalo opanda zitsa zambiri, yokoledwa kumphuno kwa nyongolotsi. Nsonga yake ndi yopindikira m'kati, ndiye ngakhale mwachedwa kumva, imatsetsereka kuchoka kummero n'kukola m'mbali mwa kamwa. Lamulo lake ndi limodzi: musakoke modzidzimutsa, mungoizula m'kamwa. Kulungani mosalekeza mpaka ndodo ipinde.

Pamalo a zitsa nsonga iyenera kubisika m'nyongolotsi, ndipo zimenezi zimatheka ndi zala zokha. Tengani mbedza ya offset (ya khosi lopindika) ya 3/0. Lowetsani nsonga pakati penipeni pa mutu wa nyongolotsi mamilimita 6 kapena 7, itulutseni m'mbali, kankhirani mutuwo mpaka pa khosi lopindika la mbedza, tembenuzani mbedza iyang'ane thupi. Gonekani mbedza m'mbali mwa nyongolotsi, chala chachikulu chigwire pamene pathera kupindika kwake, ndipo pamenepo mpamene mubaye. Mukatha yendetsani zala kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ikakhala ndi linunda, masulani muyambirenso, chifukwa nyongolotsi yokhota imazungulira m'madzi n'kupota chingwe chonse. Amene zimenezi zawakanika agule mbedza yokhala ndi kawaya kopota ngati sikulu. Mumangopotokolera mutu wa nyambo pamenepo.

Nyambo za pamwamba pa madzi zimakomera amene amva bwino. Buzzbait ili ndi chopalasa chimene chimalira pwatapwata pamwamba, ndipo liwulo limakuuzani pamene ili ndi liwiro lake. Yambani kukulunga ikangogwa, ndodo ili m'mwamba, apo ayi imamira n'kukhala chete. Popper, nyambo yoyandama ya kukamwa kolowa ngati kapu, imalira mukaigwedeza. Nthawi yake ndi m'bandakucha ndi chisisira, nthawi yomwenso madzi sathobwa m'maso, yomwe ndi nkhani yabwino kwa a ng'ala ndi achialubino. Pa nyambo zimenezi wa maso ofooka amaposa wa maso akuthwa. Woona amati akaona madzi aphulika amakoka pomwepo, n'kulanda nyambo nsomba isanatseke kukamwa. Inu mukamva khuvu, pitirizani kukulunga monga munkachitira, ndipo mukoke pokhapokha mwamva kulemera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikaphonya, musatulutse nyambo, kawirikawiri imabwereza.

Za mitundu ya nyambo musavutike nazo. Masitolo amagulitsa mitundu yosawerengeka, koma itatu ikwanira: yoyera kapena yachikasu chowala, yakuda, ndi yobiriwira moderako imene amalemba green pumpkin. Bass ili ndi mzere m'nthiti umene umamva kugwedezeka kwa madzi, ndipo nthawi ya dzinja madzi akachita matope imadalira umenewo kuposa maso. Yakuda ndi ya madzi amatope ndi mdima, yobiriwira ndi ya madzi oyera, yoyera ndi ya masiku ena onse, ndiponso ndiyo imaoneka msanga ikamafika pafupi kwa amene akuonako pang'ono.

Nyambo yabwino pa chingwe cholakwika ndi ntchito yachabe. Nayiloni imatamuka ngati legeni, moti mukaponya mamita 25 kujompha kwa nsomba kumathera m'njira. Chingwe cholukidwa, chimene amati braid, sichitamuka. Gulani cha mphamvu ya mapaundi 30 (amalemba 30 lb), chachikasu chowala ngati mukuonako. Chili ndi makhalidwe ake oyenera kuwadziwa. Chimaterereka pa spool, pamene chingwe chimakulungidwa pa reel (kamakina kokulungira chingwe), ndiye yambani mwakulungapo tepi kapena mamita angapo a nayiloni. Chimacheka chala ngati lumo, ndiye nyambo ikakodwa musachikoke ndi dzanja, chikulungeni pa kamtengo. Popeza sichitamuka, masulani drag (buleki ya reel) pang'ono kuti nsomba ikathamanga mbedza isang'ambe mlomo. Ndipo chimadulidwa ndi sizasi yakuthwa, osati mano. M'madzi oyera kwambiri lumikizani nayiloni ya 15 lb yotalika masentimita 50 pogwiritsa ntchito swivel yaing'ono. Mfundo zolumikiza zingwe ziwiri mwachindunji zimafuna maso. Pamwamba pa swivel ikani mkanda wamphira. Umateteza kamphete ka kunsonga kwa ndodo kuti kasasweke, ndipo ukagunda pamenepo mumadziwa kuti nyambo yafika.

Ndodo ikhale ya graphite, yotalika mamita 2 kapena kupitirirako pang'ono, yolembedwa medium heavy. Gwirani moti chala cholozera chikhudze thupi la ndodo lenilenilo, osati chogwirira chokha. Reel ikhale ya spinning, yolendewera pansi pa ndodo. Ya baitcaster, yokhala pamwamba pa ndodo, imafuna kuti muone nyambo ikamagwa kuti muimitse spool ndi chala, ndipo mukachedwa chingwe chimamangana moti tsiku limathera pomasula. Pa spinning, tsekani kawaya kake ndi dzanja mukaponya, n'kukoka chingwe pang'ono chikungike musanayambe kukulunga. Mfundo zodzimanga zokha zimayambira pa chingwe cholowa chili lende.

Tsopano kabowo ka mbedza kaja, kamene kapachikitsa ndodo zambiri. Njira yake ndi kuchepetsa mfundo zomangira kudamu. Mangani snap (kapini kotseguka ndi kutsekeka kokolerapo nyambo) ya nambala 2 kamodzi kunyumba, pa tebulo, masana, mutayala nsalu yakuda pansi ngati chingwe ndi chachikasu. Kudamu muzingotsegula ndi kutseka. Mukatseka, yendetsani chikhadabo kuti mumve ngati kawaya kalowadi m'malo mwake. Snap yokhala ndi swivel isapite pa crankbait, imalemeretsa mphuno n'kupha kavinidwe kake. Spinnerbait zambiri zili ndi pomangira potseguka, ndipo snap imatsetsereka n'kukafika ku kachitsulo. Dulani kachidutswa ka mamilimita 4 ka mphira ya valavu ya njinga, kavekeni pa kupindikako kuti patsale kabowo kotsekeka, ndiye kolekani snap pamenepo. Carolina ikhale pa ndodo yachiwiri yomangiratu, ndipo zingwe zake zamfupi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zokhala kale ndi mbedza, zikulungidwe pa chidutswa cha patapata wakale.

Mfundo yoti muidziwe ndi imodzi, ya Palomar, chifukwa imamangika ndi zala ndipo siterereka pa braid. Pindani chingwe chikhale chiwiri kwa masentimita 15. Lowetsani kopindikako pa kabowo. Mangani mfundo wamba ndi chingwe chiwiricho, osakoka. Pisani snap kapena mbedza yonse m'kati mwa kopindika kaja. Nyowetsani ndi malovu, kokani nsonga zonse pamodzi pang'onopang'ono, dulani kusiya mamilimita 4. Imalakwika pawiri: zingwe ziwirizo zikapingasana pa kabowo zimadulana zokha, ndipo kopindika kaja kakatsalira pa khosi la mbedza mfundo imamasuka. Chala chikamva kanthu kotuluka pambali pa mfundo, dulani muyambirenso. Braid ndi yofewa, siilola kukankhidwa pa kabowo. Solola kawaya kamodzi kuchokera ku waya wa buleki ya njinga, kapindeni pakati, lowetsani kopindikako pa kabowo, pisanimo chingwe, n'kukoka. Kawayako kamangeni ku chingwe cha m'khosi pamodzi ndi sizasi kuti kasasowe. Magalasi owerengera a +2.50 kapena +3.00 ndi tochi ya pamphumi zimathandiza amene vuto lawo ndi kuona zapafupi lokha.

Bokosi likonzedwe moti dzanja lidziwe njira. Chipinda chilichonse chikhale ndi mtundu umodzi wa nyambo, ndipo malo ake asasinthe. Pa waya wa spinnerbait yoyera musamange kanthu, pa yakuda mangani kaulusi ka mfundo imodzi. Mapaketi a nyongolotsi adulidwe ngodya: imodzi yakuda, ziwiri yobiriwira. Nsonga iliyonse ya mbedza ibayidwe m'kachidutswa ka patapata. Nyambo zisanu ndi zitatu zodziwika bwino zimagwira ntchito kuposa makumi asanu zosokonekera.

Poponya, gwiritsani ntchito kuwerenga. Mnzanu akuuzeni malo monga pa wotchi: kutsogolo ndi 12 koloko, mabango ali pa 2 koloko, chitsa pa 10 koloko. Ponyani motsatana kuyambira 10 mpaka 2, kenako sunthani mapazi khumi. Reel zambiri za kukula kwapakati zimakulunga masentimita 70 mpaka 80 pa kuzungulira kumodzi, ndiye mukawerenga kazungulidwe 30 mwadziwa kuti munaponya mamita opitirira pang'ono 20. Ngati tsidya lili pafupi, kolekani chingwe pa kapulasitiki ka m'mbali mwa spool pa mtunda umene mukufuna, nyambo siidzapitirira n'kukakodwa m'mitengo. Kumbukirani kuchimasula nsomba yaikulu ikafuna kuthamanga. Kuya kumayezedwanso ndi kuwerenga: nyambo zambiri zomira zimatsika pafupifupi masentimita 30 pa sekondi. Mukagwira nsomba mutawerenga kasanu, bwerezani kasanu komweko. Amene ali ndi glaucoma, poti imayamba kudya maso cham'mbali, aziyamba anena kuti "ndikuponya" ndi kudikira yankho, chifukwa mwana woima pambali samuona.

Magalasi a polycarbonate asachoke kumaso. Nyambo yokodwa ikamasuka pa braid imabwerera ngati mwala wa legeni, ndipo munthu wotsala ndi diso limodzi labwino alibe lina losinthira. Akhale a polarized, a mtundu wa bulauni kapena wachikasu, amene amadula kunyezimira popanda kudetsa kwambiri. Chipewa cha mlomo waukulu chiwonjezere. Nsomba ilandiridwe ndi kaukonde kamphira, ndipo dzanja litsate chingwe kuchokera kumtunda mpaka lipeze nyambo, kenako mlomo wapansi. Musawedze nokha, musalowe m'madzi momwe muli likodzo, ng'ona kapena mvuu, valani jekete yoyandamitsa m'bwato ndi pa khoma la damu, ndipo mnzanu ayang'ane mawaya a magetsi pamwamba, poti graphite imadutsa magetsi.

Tiwapemphenso anzathuwa kuti asangozolowera chifunga cha m'maso. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo zipatala za maso za Lions ku Blantyre ndi ku Lilongwe komanso chipatala cha Nkhoma zimagwira ntchito imeneyi. Glaucoma siibweza zimene yadya, koma mankhwala odontheza amaichedwetsa ikapezeka msanga. Wochitidwa opaleshoni adikire mpaka adokotala amulole asanabwerere kudamu, chifukwa madzi a kumeneko akalowa m'diso la bala amabweretsa matenda.

Pomaliza, A Mkonzi, wina asaganize zothandiza m'bale wake wosaona bwino pomunyamulira ana a bass m'ndowa kukathira m'damu la pafupi ndi nyumba kapena mumtsinje. Bass imadya nsomba zazing'ono zachilengedwe mpaka kuzitha, ndipo ili pa mndandanda wa IUCN, bungwe la dziko lonse loteteza zachilengedwe, wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa kwachilendo. Madzi olowera m'nyanja ya Malawi asaione n'komwe. M'baleyo mupite naye kumene bass ili kale, mutapempha chilolezo kwa eni damu, ndipo ulendo woyamba musankhe gombe losalala, lopanda mitengo kumbuyo, kumene angaponye spinnerbait yake tsiku lonse mpaka dzanja lizolowere kugunda kwake.

Owerenga anu owedza ndi ndodo,
Limbe